Mbalame Zimene Ababa Anazisiya ku Utale

Kanema ndinagulira amayi, osati ababa. Izi ndimazinena nthawi zonse chifukwa abale ena amakamba ngati ndine ndinayambitsa misala ya ababa ya mbalame, chikhalirecho misala imeneyo ndinaipeza pobadwa. Amayi miyendo inali itayamba kutupa, kutchalitchi sankafikako kawirikawiri, ndiye ndinati aziona makwaya ali pamphasa pawo. Ndinanyamula kanema wamng'ono, sola ndi batire kuchokera ku Balaka kumene ndimaphunzitsa mpaka kwathu ku Utale, wakabaza akudandaula njira yonse kuti katundu akumuthyola msana. Bambo wa pashopu amene anandiikira makwaya mufulashi anaona kuti malo atsala, n'kudzazamo mafilimu a nyama zakutchire osandifunsa. Makwayawo amayi sanawaonere nthawi yaitali. Ababa atangoona mbidzi zikumwa madzi, kanema anasintha mwini.

Ababa sanali a ku Utale. Kwawo kunali ku Nsanama, kutsidya kwa Shire, ndipo makolo awo anali Alomwe ochokera ku Mozambique. Ku Utale anabwera chikamwini ali mnyamata, pamene ankagwira ntchito yokonza njanji ku Nkaya. Ntchito yake inali yoyenda wapansi m'mbali mwa njanji, kufufuza pamene chitsulo chamasuka kapena pamene mvula yakokolola miyala. Munthu woyenda yekha tsiku lonse amafuna chocheza nacho. Anzawo anasankha fodya, ena kachasu wa pa Nkaya, ababa anasankha mbalame. Podzapuma ntchito anali akudziwa mbalame iliyonse ya m'dera lathu ndi kulira kwake komwe, pamene mayina a adzukulu awo ankawasokoneza tsiku ndi tsiku.

Munda wa amayi umatsetsereka mpaka kumtsinje wa Rivirivi. Kumunsi kwake ababa anasiyako kachigawo kosalima, kokhala ndi bwemba wamkulu, mkuyu, misangu ingapo ndi zitsamba zaminga zimene mbuzi yomwe inkazilambalala. M'chilimwe, minda yonse itayera mbee, owotcha makala atamaliza mitengo ya kumtunda, malo obiriwira ankatsala amenewo okha. Atsibweni, mlongo wawo wa amayi, amene ndi mwini mbumba yathu, kachigawoka kankawawawa mtima chaka chilichonse.

“Alamu, anthu akulira malo, inu mukuweta tchire?”

“Likugwira dothi, alamu. Tikalidula mtsinje udzadya munda.”

Sanali kunama, koma chifukwa chenicheni sichinali chimenecho, ndipo onse awiri ankadziwa. M'mawa uliwonse, asanagwire khasu, ababa ankatsikira kumeneko n'kukakhala pamuzu wa bwemba. Ndili mwana ankanditenga, koma pangano lake linali lakuti pakamwa pakhale potseka. Kwa ine wotengera pakamwa pa amayi linali pangano lowawa. Komabe ndinaphunzira kuti pumbwa ndiye amayamba phokoso kusanayere bwino, kuti mnthengu ndi kathyali amene amalira monamiza kuti anzake athawe iye atole chakudya, kuti nkhulukulu imabisa kufiira kwake m'mapiko ndipo umakuona pokhapokha ikauluka. Pamchenga pankaothera dzuwa mng'azi wamkulu, agologolo ankathamangitsana mumkuyu, ndipo nthawi ya mondokwa apusi ankabwera banja lonse kudzatithandiza kukolola. Pamphanda ya msangu panali chisa cha nantchengwa, chachikulu ngati kankhokwe. Anthu ankachipewa poti amati nantchengwa ndi mbalame ya malodza, ukaphwasula chisa chake umapenga. Ababa sankakhulupirira zimenezo koma sankazitsutsanso, chifukwa mantha amenewo ndiwo ankaletsa ana a malegeni kufika kumeneko.

Amayi mbalame ankazigawa pawiri, zodya mapira awo ndi zodyedwa ndi iwo. “Amuna a anzanga akapita kutchire amabwera ndi nkhwali m'thumba,” ankatero. “Anga amabwera ndi nkhani.” Ababa ankangoseka n'kuyamba nkhaniyo, amayi n'kumamvetsera mpaka kumapeto kwinaku akunamizira kupeta.

Ndiye mukhoza kuona chimene kanema uja anachita kwa munthu wotereyu. Dzuwa likapendeka, batire itadzaza, ankamutulutsa pakhonde n'kumukhazika pampando, iwo ndi amayi pamphasa. Ana a pamudzi masiku oyamba ankadzaza bwalo poganiza kuti muli mafilimu a nkhondo, koma ataona kuti ndi akamba ndi mbalame anabwerera kumpira wawo. Ofotokoza m'mafilimuwo anali azungu olankhulira m'mphuno, ababa Chingerezi chawo chinali cha panjanji, ndiye ankatsitsa mawu mpaka pansi n'kumafotokoza okha, molimba mtima ngati analipo pojambula. Nyama imene sanaionepo ankaipezera abale pompo: iyi ndi msuweni wa gwape, iyo ndi nungu ya kwa azungu. Amayi ntchito yawo inali kutsutsa ndi kuikira kumbuyo zogwidwa. Mkango ukayamba kuzembera kamwana ka mbawala ankadzuka ndi miyendo yawo yotupayo.

“Thawa iwe! Thawa! Nanga wojambulayo bwanji osaponya mwala? Munthu wanji woonerera mwana akufa?”

“Akaponya mwala mkango udya chiyani, mayi?”

“Udye iyeyo.”

Dandaulo la ababa linali lakuti ojambulawo sakhalitsa pa mbalame, amathamangira mikango ngati ndiyo yokha inalengedwa. Tsiku lina m'filimu ina munatulukira nantchengwa akupondaponda m'madzi osaya kufuna achule. Ababa anadzuka ngati aona m'bale wawo. Anaimitsa filimuyo n'kuitana atsibweni ndi aliyense wodutsa panjira kuti adzaone kuti mbalame imene iwo amaitcha ya malodza, anthu anakwerera ndege kudzaijambula. Atsibweni anayang'ana kanema, n'kuyang'ana ababa, nati, “Ndiye kuti openga nazo muli ambiri.”

Loweruka lina ndili konko anandiuza kuti ndikweze mawu ndiwamasulire za anamzeze. Nditawauza kuti mzunguyo akuti anamzeze ena amene timawaona m'dzinja amachokera ku Ulaya, kuuluka okha mpaka kuno, ababa anati, “Ndiye nawonso ndi akamwini.” Amayi sanachedwe: “Koma iwo amakumbuka kwawo. Inu munakakamira.” Tinaseka tonse atatu.

Filimu ina inaonetsa mtsinje waukulu, migwalangwa, mvuu zikuyasamula, njovu zikuwoloka ndi ana awo. Ababa anayang'anitsitsa phiri limene linali kumbuyo nati, “Shire uyu. Apa ndi pa Liwonde pompa.” Paki imeneyo anailambalala moyo wawo wonse popita ndi pobwera kwawo, koma sanalowemo, poti m'maganizo mwathu m'menemo mumalowa azungu ndi ana asukulu. Amayi anaseka mpaka kutsokomola, akuti njovu za pakhomo pompa munthu wamkulu azizionera m'bokosi. Ndinalonjeza kuti tchuthi chotsatira ndidzawatenga onse awiri tikalowe pageti ngati anthu. Tchuthicho chinafika amayi ali m'chipatala.

Amayi anamwalira m'chilimwe, masiku amene dziko la Balaka limatentha mpaka nkhuku kuyenda kukamwa kuli yasa. Za maliro sindinenapo zambiri, sindingathe. Chimene chinandigwira pamtima tikuchokera kumanda n'kuona ababa akuvula nsapato pakhomo la nyumba imene anaimanga ndi manja awo, monga mwa masiku onse, ine ndikudziwa chimene chikubwera. Kwathu mwamuna amakhala pamudzi chifukwa cha mkazi wake. Malo ndi a mkazi, ana ndi a mkazi, mtengo umene wadzala umamera m'dothi la mkazi. Mkazi akamwalira, pakapita miyezi abale a mbali zonse amasonkhana n'kumusudzula mwamunayo, ndiko kumumasula kuti ukwati watha, abwerere kwawo, akafuna akakwatire. Mkamwini wokalamba kawirikawiri amatsala ngati pakhomo pali mwana wake wamkazi woti azimuphikira. Mwana wamkazi wa ababa ndine ndekha, ndipo ndinali ku Balaka m'nyumba ya sukulu ndi amuna anga ndi ana. Alongo anga onse anali akamwini kwa eni ake.

Dzinja limenelo ababa analima munda wonse okha. Amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, ndiwo ankawatumizira chakudya. Ndikabwera Loweruka ndinkawapeza pakhonde, kanema akuonetsa, mawu otsitsa monga kale, koma iwo osafotokoza kanthu. Ankakhala mbali imodzi ya mphasa. Mkango unkagwira mbawala popanda woikira kumbuyo. Kumtsinje kokha ndiko kunkawabwezera mawu: anantchengwa anali kuwonjezera chisa chawo, ndipo ankandifotokozera ntchitoyo mwatsatanetsatane ngati kapitawo, wanyamula kamtengo ndi uti, waulesi ndi uti. Ndinkamvetsera ndikudziwa kuti chimene chikuwadzutsa m'mawa ndi chimenecho basi.

Ndinapita kwa atsibweni nthawi ilipo, kukawauza mantha anga. Anandiseka.

“Usade nkhawa, mwana wanga. Alamu angawathamangitse ndani? Mwambo tichita chifukwa ndi mwambo, koma tiwauza kuti akhale.”

Ndinawakhulupirira, ndipo mpaka lero ndikudziwa kuti ankanena zochokera pansi pa mtima.

Tsiku losudzula linafika titakolola. Azakhali, mlongo wawo wa ababa, anabwera kuchokera ku Nsanama ndi ana awo aamuna, atakwera kalole kopanda katundu kumbuyo. Nditaona galimotoyo ndinadziwa kuti abwera kudzatenga ababa. Koma nawonso akanatani? Akanabwera chimanjamanja anthu a ku Utale akanati munthuyu kwawo samufuna, alibe abale. Tinakhala pansi pa mango, amuna pamipando, amayi pamphasa. Ankhoswe analankhula, katundu anagawidwa: ababa njinga, nkhwangwa, makasu awo, bulangete ndi kanema uja. Kenaka atsibweni anatenga tambala womanga miyendo n'kumuika m'manja mwa ababa.

“Alamu, mwakhala nafe bwino. Simunatukwane munthu pamudzi pano, mlongo wathu simunamukwezere dzanja. Lero takumasulani. Koma mukafuna kukhala khalani, malo alipo.”

Mawu amenewa amanenedwa posudzula paliponse, ngakhale kwa mkamwini amene anthu atopa naye. N'chifukwa chake mkamwini wodzilemekeza savomera koyamba. Ababa anayankha monga ayenera kuyankhira munthu wa ulemu wake.

“Ndathokoza, alamu. Koma nako kwathu kuli anthu.”

Apa ndi pamene amayi a pamudzi, eni ake a dothi, amayenera kulowererapo ngati munthuyo akumufunadi. Mmodzi amati iyayi, sapita, ana awa atisiyira ndani, ena n'kuvomerezana naye, mkamwini n'kugonja mwaulemu. Atsibweni anayang'ana kumphasa, kudikira amayi a pamudziwo, poti mwamuna sangapereke yekha malo amene ndi a alongo ake. Amayi aang'ono anali ataphimba nkhope ndi chitenje, akulira mkulu wawo, akudikira kuti atsibweni abwereze mawu awo monga analonjezera. Ena onse ankadikira amayi aang'ono. Panakhala bata lalifupi, losakwana n'komwe kumeza malovu kawiri, koma kwa azakhali linali lalitali kwambiri, chifukwa ankaona mlongo wawo atagwira tambala pakati pa anthu opanda womuletsa.

“Mlongo wathu sitinamutaye,” anatero. “Tabwera kudzamutenga.”

Anthu anayamba kuomba m'manja mwaulemu. Ine ndinangozindikira ndaimirira.

“Iyayi! Ababa sapita kulikonse! Munthu wokalamba chonchi mukumutengera kuti? Atsibweni, si zimene munandiuza izi!”

Amene anandiyankha anali ababa eni ake, osakweza mawu. “Khala pansi, mayi. Nkhani yatha.” Inali itathadi. Kutsala pambuyo pa mawu a azakhali kukanakhala kuchititsa manyazi mlongo wawo pamaso pa eni mudzi, ndipo kutsala pambuyo pa kukuwa kwanga kukanaoneka ngati anatuma mwana kuti awapemphere malo. Mpaka lero ndimapsa mtima ndikakumbukira tsiku limenelo, ndipo chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti palibe amene ndingamuloze chala. Aliyense pabwalo paja ankawakonda ababa, ndipo aliyense anachita zaulemu.

Tikulongedza m'nyumba ndinawapempha kuti ndiye tipitire limodzi ku Balaka. Anandiyang'ana ngati ndatukwana.

“Ndikagone nyumba imodzi ndi apongozi anga, amuna akowo? Bafa limodzi? Iwe sukulu yako inakuiwalitsa manyazi.”

Ndinawafunsa ngati satsikira kumtsinje asananyamuke. Anati akatani, eni ake anantchengwa ali pantchito. Anakwera kutsogolo kwa galimoto, kanema ali pamiyendo atamukulunga m'chitenje cha amayi, tambala ali kumbuyo pamodzi ndi makasu.

Ku Nsanama ababa anachokako ali mnyamata, ndipo mudzi umene ankaudziwa unali utamezedwa ndi msika. Nyumba ya azakhali ili kuseri kwa magolosale, moyandikana ndi chigayo. Azakhali anawapatsa ababa chipinda chimene ankasungiramo matumba a nandolo, atachizira bwinobwino. Azakhali ankawasamala, bodza n'loipa: madzi osamba ofunda, phala m'mawa, malaya ochapa, madzulo kucheza Chilomwe chimene ababa anali atayamba kuchiiwala. Koma pabwalo panali bulugamu mmodzi yekha, ndipo mbalame zake zinali akhwangwala olimbirana zinyalala za kumsika ndi mpheta zotola gaga pachigayo.

Masiku oyamba ankatulutsa kanema pakhonde monga ku Utale. Koma midzi ya kumeneko ili pafupi ndi paki, ndipo njovu kwa anthu ake si zoonera m'bokosi. Tsiku lina, azakhali ndiwo anandiuza, bambo wina amene njovu zinamupondera munda wonse chaka chimenecho anaima pabwalo n'kupeza ababa akuonetsa ana mmene njovu imakankhira mwana wake powoloka.

“Achimwene, mukusangalala ndi afiti amenewa? Bwerani kumunda kwanga mudzawaone bwino.”

Ababa anapepesa n'kuzimitsa. Ankadziwa kupweteka kwa munda, sakanamutsutsa munthuyo. Kuyambira tsiku limenelo kanema anakhala m'chipinda, mpaka ana a azakhali anamubwereka kuti makasitomala azionera mpira kugolosale kwawo. Ababa sanamuitanitsenso, poti chakudya chawo chinkachokera m'golosale momwemo.

Ndikapita kukawaona ndinkawapeza pampando, atameta, atavala malaya oyera, akuyang'ana khoma la chigayo ngati munthu wodikira basi. Anali kutha thupi popanda matenda oti n'kuwatchula. Moni ukatha funso lawo linali lomwelo: kumtsinje kuli bwanji, mng'azi uja alipo, anantchengwa aswa? Ndinkabwerera ku Balaka ndikulira m'minibasi, kondakitala n'kumandifunsa ngati ndikuchokera kumaliro.

Ndiye ndinayamba nkhondo yanga ku Utale. Atsibweni ndinakangana nawo mpaka anthu kudabwa kuti mphunzitsi wathunthu angayankhule choncho ndi mwini mbumba. Iwo ankangoti, “Anawathamangitsa ndani? Anakana okha pamaso pa anthu.” Amayi aang'ono ankangolira, akuti ankayesa achimwene awo abwereza. Zinatenga miyezi, koma pamapeto pake amayi onse a pamudzi anakhala pansi n'kugwirizana mawu amodzi, amene akanawanena tsiku lija: alamu abwerere, malo ndi awo mpaka Mulungu adzawaitane. Panali chinthu chimodzi chokha chovuta. Nyumba sikhala yopanda munthu, chiswe chimalowa, ndiye anali atalowetsamo mwana womaliza wa amayi aang'ono amene anali atangokwatiwa kumene, kuti azikhalamo ndi mwamuna wake mpaka atamanga yawo. Awiriwo anavomera ndi mtima umodzi kuti asamukira m'khitchini. Ndinaganiza kuti zimenezi ababa adzazimva atafika kale.

Kuuma mutu kwa ababa ndinkakudziwa, ndiye sindinafune kupita ndi mawu okha. Mbandakucha ndinatsikira kumtsinje, n'kukhala pamuzu wa bwemba, foni ili m'manja ikujambula mawu. Ndinatseka pakamwa monga mwa pangano lakale. Dzuwa litatuluka ndinakwera kumudzi, n'kunyamuka tsiku lomwelo, kabaza mpaka pamsewu, minibasi mpaka ku Liwonde, ina mpaka ku Nsanama.

Mwayi unali nane, magetsi anali atazima ndipo chigayo chinali chete. Ndinagwada pafupi ndi mpando wawo.

“Ababa, ndatumidwa ndi amayi a ku Utale, onse. Akuti mubwerere.”

“Munthu wolandira tambala sabwerera, mayi.”

“Tambalayo si munadya kalekale?”

“Vuto lake ndi limenelo.”

Sindinalimbane nawo. Ndinatulutsa foni n'kuwagwiritsa. Anaigwira ndi manja awiri, n'kuiika pakhutu, n'kutsinzina. Poyamba munkangomveka madzi, kenaka kulira kunayamba.

“Pumbwa uyo. Wachedwa kudzuka lero.” Anamvetseranso. “Njiwa. Nkhulukulu ziwiri, imodzi ili mumkuyu. Tamvera, tamvera, mnthengu wayamba bodza lake.”

Azakhali anatuluka m'khitchini n'kuima pakhomo, chipande chili m'manja. Kenaka m'fonimo munamveka kulira kwa anantchengwa, osati awiri okha, gulu. Ababa anatsegula maso.

“Aswa! Ana amenewo, mayi, aswa!”

Anaseka. Chimwalirire amayi ndinali ndisanawamve akuseka choncho, mpaka misozi. Foni ikadali pakhutu anandifunsa ngati msewu wa ku Nkaya ukudutsika masiku ano, ngati njinga yawo ingafike itapopedwa. Ndinayang'ana azakhali, azakhali n'kugwedeza mutu kuvomera, nawonso akupukuta m'maso. Mumtima ndinati ndawina.

Ndinali nditaiwala kuti pokwera kumudzi sindinazimitse foni. Munayamba kumveka mapazi anga m'mapesi, kenaka nkhuku, kenaka chitseko chikulira potseguka, n'kumveka mawu a mwamuna akundipatsa moni wa m'mawa, mkazi akuseka mkati. Nkhope ya ababa inasintha.

“Chitseko changa icho. Akutsegula ndani?”

Ndinawauza zonse, mofulumira, kuti ndi za kanthawi, kuti anawo avomera okha kusamukira m'khitchini, kuti palibe amene wadandaula. Anamvetsera foni itatsika pabondo.

“Mnyamatayo kwawo n'kuti?”

“Ku Phalula.”

“Wangofika kumene pamudzi wa eni, sanazolowere n'kumene kuli chitsime, ine ndikamutulutse m'nyumba akagone ndi mbuzi? Adzayenda bwanji pakati pa anthu? Ine nditafika anandipatsa pogona, ndipo palibe anandisuntha.”

“Ababa, nyumbayo ndi yanu! Njerwa munaumba ndinu, denga munafolera ndinu!”

“Ndinamangira amayi ako.”

Pamenepo ndinataya ulemu wonse. Ndinalira mokweza mpaka anthu a kugolosale kusuzumira. Ndinawauza kuti afera pano pakati pa akhwangwala chifukwa cha manyazi opanda pake, kuti imfa yandilanda amayi, ulemu wawowo n'kundilandanso ababa, kuti sakundiganizira ine. Anadikira mpaka mawu atandithera, kenaka anandibwezera foni.

“Bwezera poyamba. Ukamva mapazi ako uzimitse.”

Ndinabwezera. Anatsinzinanso n'kuyamba kutchula mbalame zija imodzi imodzi, motsitsa mawu, ine chala chili pafoni kudikira mapesi. Mapesiwo atalira ndinazimitsa, iwo anati bwezeranso. Tinachita choncho mpaka magetsi anayaka, chigayo n'kuyamba kulira.

Ku Utale sanakapondekonso. Anamwalira dzinja lotsatira lisanathe, ndipo tinawaika ku Nsanama, kumanda a kwawo, monga mwa mwambo.